Poto Wophika Yekha wa Mayi Chikaonda

Chaka chimene boma lidasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe, anthu adabwera ndi zinthu zosiyanasiyana. Ena adabwera ndi masofa, ena ndi maluwa a m'zitini omwe adauma sabata yomweyo chifukwa cha fumbi, ena adangobwera ndi matama basi. Koma Mayi Chikaonda a ku Area 14 adabwera ndi poto.

Musaganize poto wamba, ayi. Uyu adali ndi chingwe ngati cha ayironi, chivundikiro chagalasi, ndi kabatani kopotokola kutsogolo. Amuna awo adamugula ku Mangalande ali ku kosi, ndipo akuti ukathiramo zinthu m'mawa amaphika yekha pang'onopang'ono tsiku lonse, iwe uli ku ntchito. Mayiwo adali taipisiti ku Capital Hill. Ankachoka m'mawa dzuwa lisadawawe, n'kubwera madzulo mapazi atatupa m'nsapato zazitali, ndiye poto wotere kwa iwo adali ngati yankho la pemphero.

M'nyumbamo munkagwira ntchito Zelifa, mayi wa ana atatu wa kwa Mtsiliza, mwamuna wake adamwalira kalekale. Munda wake udali pamene pano pakudutsa msewu watara. Anthu oyeza malo adangofika tsiku lina ndi zingwe zawo n'kukhoma zikhomo pakati pa mtedza. Kuchokera pamenepo munda wa Zelifa udali khitchini ya a Chikaonda, ndipo ana atatu aja ankadya kuchokera m'menemo.

Lolemba lina m'mawa, Mayi Chikaonda adatulutsa poto uja m'katoni n'kumuika pa tebulo la m'khitchini ngati akuika mwana wobatizidwa.

"Iwe Zelifa, tabwera uone zinthu zamakono."

Zelifa adasuzumira m'kati. Adaona kuti m'katimo ndi dothi lowotcha, losalala, ndipo mumtima adati, kani azungu angodziwa kumene mphika. Koma pakamwa adati, "Ndi wokongola, adona."

"Ameneyu amaphika yekha. Safuna kutakasa, safuna kulawa, sapita kumaliro Lachitatu lililonse." Apa adamuyang'ana pang'ono. "Tiyesa mwezi uno. Akagwira bwino ntchito, ndiye kuti wophika sakufunikanso muno. Zochapazi nditha kumachapa ndekha Loweruka. Wamva? Sindikukubisira."

"Ndamva, adona."

"Ndipo usamukhudze. Ngakhale kutsegula chivundikirochi. Ukangokhudza, ntchito yatha tsiku lomwelo."

Kenaka adayamba kuthira: nyama yogaya, matimati, anyezi wosaphika, mchere pang'ono ngati wobwereka, madzi makapu anayi. Pomaliza adang'amba paketi ya makaroni yogula kwa Amwenye ku Old Town, n'kukhuthulira onse m'menemo, khuthu! Adavundikira, adapotokola kabatani, n'kuthamangira galimoto pomwe amuna awo ankaliza hutala panja.

Tsono chimene adona sankadziwa n'chakuti Zelifa ali mtsikana adatsukako mbale zaka ziwiri kwa masisitere ku mishoni, ndipo kumeneko makaroni ankadyedwa Lachisanu lililonse. Sisitere wa kukhitchini adamuphunzitsa kuti makaroni ukawathira pamoto uyambe korona, usanafike theka uwaphule. Lero makaroni omwewo adali ndi maola khumi athunthu oti akhale m'madzi otentha.

Adasesa, adakolopa, adachapa, maso ali ku poto. Cha m'ma leveni makaroni adatupa ngati zala za munthu wochapa tsiku lonse. Masana adayamba kuphwasuka. Pofika folo koloko kudzera pa galasi paja pankangooneka phala lofiira likupuma, phwi, phwi, ngati chule wokhuta.

Wina akadangokhala pansi n'kudikira adona adzaone okha. Koma Zelifa ankadziwa za m'nyumba za anthu. Chakudya chikakoma ndi cha mwini nyumba, chikaipa ndi cha wantchito. Akadati watsegula, akadati wathira madzi dala chifukwa cha nsanje. Ndiponso, tinene zoona, manja ake sankatha kuona chakudya chikuwonongeka iye ali chiimire. Mayi wake adamulera kuti mkazi sasiya mphika wokha pamoto ngati mwana wamasiye.

Adatsegula. Adakhuthulira phala lonse m'beseni, adatsuka dothi lija, adakazinga anyezi m'poto weniweni pa stovu, adathira kanyama kamene kadatsala m'firiji, matimati, mchere wokwanira, ndi ufa wokometsera ndiwo wa kale pang'ono. Adawiritsa paketi yachiwiri ya makaroni uku akunong'ona Tikuoneni Maria. Zonse adazibweza m'poto wa adona, n'kuvundikira, n'kupukuta zala zake pa galasi ndi nsalu.

Phala lija adapatsa a Nebert, bambo wachikulire wolima maluwa panyumbapo. A Nebert adanyambita supuni kamodzi, n'kukaitana galu wa nyumba yoyandikana. Galuyo adanunkhiza, adawayang'ana a Nebert, n'kubwerera kwawo.

Madzulo Bambo Chikaonda adadya mbale ziwiri. Adamasula lamba, adatsamira pampando, n'kuti, "Immaculata, mzungu ndi mzungu basi. Poto wopanda lilime koma akudziwa mchere."

"Ndinakuuzani," adatero mkazi wawo, ngati ndiwo adamuumba.

Zelifa adali pakhomo la khitchini ndi jagi ya madzi osamba m'manja. Mtima wake udasangalala kaye, kenaka udakumbuka kuti poto akatamandidwa ntchito yake yatha, n'kugwa pansi kuti thi.

Kuyambira tsiku lachiwiri adapeza njira yosawononga paketi. Galimoto ikangotuluka pageti, iye ankathamangira kukhitchini madzi asanatenthe, n'kuyamba kuvuula makaroni ndi sefa, otsalira n'kumatola kamodzikamodzi pakati pa nyama. Ankawatsukuluza, n'kuwayanika pa lichero kuseri kwa nyumba ngati mfutso. Anyezi ankamutolanso n'kumukazinga. Madzi ankatapako kapu imodzi. Nyama ndi matimati ankazisiya ziphike zokha, ndipo apa poto uja, tisamunamizire, ankachita bwino ndithu, nyama inkafewa mpaka yosafuna mano. Mthunzi wa thanki ya madzi ukafika pa waya woyanikira zovala, Zelifa ankabweza makaroni m'kati, n'kupotokola kabatani mpaka kumapeto, n'kudzakabwezanso pamalo pake akamva galimoto ikukhota.

A Nebert ankaona zonsezi atatsamira khasu.

"Make Sophia," adatero tsiku lina, kumutchula dzina la mwana wake woyamba, "ine zaka zanga zonsezi sindidaonepo munthu akunolera mnzake mpeni womuphera iye mwini."

"Ndiye nditani, achimwene?"

"Musiyeni aphike yekha. Si amati amaphika yekha?"

"Abwana adye chiyani?"

"Adye chimene adagula ku Mangalande."

"Mawa ndimusiya," adatero Zelifa.

Mawa lake adavuulanso. Ankati akangoona makaroni akuyamba kumira, miyendo yokha inkamutenga. Ndiye kuulula sakadatha, poti kukhudza kokhako kudali kuchotsedwa ntchito. Kukhala chete nakonso kudali kuchotsedwa, kungoti kumapeto kwa mwezi. Adali ngati munthu amene nyerere zamulowa m'chitenje pamaso pa apongozi: kuvula sikutheka, kupirira sikutheka.

Sabata zitatu m'nyumbamo mudadyedwa makaroni okhaokha. Lolemba a nyama, Lachiwiri a nkhuku, Lachitatu a nyemba, Lachinayi a nyama kachiwiri. Mayi Chikaonda adayamba kulemba maphikidwe awo pa taipi ya ku ofesi nthawi ya nkhomaliro, kopi zitatuzitatu ndi kaboni, n'kumagawa kwa anzawo: thirani zonse pamodzi, vundikirani, pitani ku ntchito. Otsala ankawatengera m'kabakuli kukalawitsa anthu. Ofesi yonse idadziwa kuti ku Area 14 kuli mzimayi amene amafika panyumba, kuvula nsapato, n'kupeza chakudya chapsa popanda kukangana ndi wantchito.

Onse adagoma kupatula Mayi Zikhale. Awa adali mnzawo wa ku Zomba komweko, adaphunzira taipi kalasi imodzi, adakwatiwa chaka chimodzi, ndipo kuchokera pamenepo akhala akupikisana pa chilichonse, makatani, mawigi, ngakhale amene mwana wake wayamba kumera mano. Mayi Zikhale adalawa m'kabakuli muja, adatafuna pang'onopang'ono, n'kuti, "Immaculata, poto saphika. Amaphika ndi munthu."

"Nsanje, Dinah."

"Wantchito wako uja amakhala kuti masana?"

"Sakhudza n'komwe. Ndinamuletsa."

"Eya. Inenso wanga ndinamuletsa shuga."

Mawu amenewo ndi amene adabweretsa Lachinayi lija. Kudatsala masiku anayi kuti mwezi uthe. M'mawa Mayi Chikaonda adathira zonse monga mwa masiku onse, koma makaroni mapaketi awiri poti kukubwera alendo, a Zikhale ndi amuna awo. Atavundikira adamuuza Zelifa kuti atulutse beseni, sopo ndi zovala. Kenaka adatseka chitseko cha khitchini cha kunja, adatsekanso cha m'kati, n'kuponya makiyi onse m'chikwama.

"Lero ugwirira panja. Si kuti sindikukhulupirira, ayi, koma pali anthu ena amene amafuna umboni. Ndikampatsa Dinah makiyiwa asunge yekha mpaka madzulo."

Galimoto idatuluka. Zelifa adaima pa zenera la khitchini, mphuno ili pa galasi. Poto adali pomwepo, mikono iwiri kuchokera pa zenera, kagetsi kake kofiira kakumuyang'ana.

Abale, mukadamuona tsiku limenelo mukadati ali ndi wodwala m'chipatala. Achape malaya amodzi, akasuzumire. Ayanike, akasuzumire. Cha m'ma teni adapeza kuti kazenera kakang'ono ka pamwamba sikadatsekedwe bwino. Adatenga nsungwi yaitali yochirikizira waya wa zovala, adakwera pa ndowa, n'kuyamba kuilowetsa kuti mwina afikire swichi ya pakhoma azimitse, makaroni apumeko.

A Nebert adabwera chakumbuyo n'kugwira nsungwiyo.

"Tsikani."

"Achimwene, angotsala pang'ono kuphwasuka!"

"Tsikani, make Sophia. Sophia wanuyo adzadya swichi?"

"Koma alendo..."

"Alendo ndi a poto. Inu lero ndinu wochapa. Khalani apa, nayi chinangwa."

Adatsika. Adakhala pa khonde la kuseri n'kudya chinangwacho. Masana adasuzumira komaliza, n'kuona zimene adaona tsiku loyamba, koma tsopano zochuluka kawiri, zikukankha chivundikiro. Adachita chizindikiro cha mtanda n'kupita kukasita m'garaja.

Hafu pasiti faifi galimoto ziwiri zidalowa. Mayi Zikhale adatsegula okha khitchini ndi makiyi aja, aliyense akuona. Fungo lidali labwino ndithu, ndipo Mayi Chikaonda adayenda monyada atanyamula poto ndi nsalu ziwiri mpaka pa tebulo lodyera. Zelifa adaitanidwa kudzasambitsa anthu m'manja, ndiye zonse adaziona ndi maso ake.

Chivundikiro chidachoka. M'katimo mudali chinthu chimodzi. Osati makaroni ambiri, ayi, chinthu chimodzi chofiirira, chosalala pamwamba, chonjenjemera pang'ono tebulo likagwedezeka. Mayi Chikaonda adalowetsa chipande. Chipande chidaima chokha. Atachikoka, chidatuluka ndi kaphokoso ngati phazi likuzuka m'matope a ku dambo.

Onse adasuzumira m'poto.

Koma mayi aja ndi olimba mtima, zimenezo tiwapatse. Adatenga mpeni, n'kuyamba kudula ngati chikondamoyo, n'kumaika chibenthu m'mbale ya aliyense.

Bambo Zikhale, munthu waulemu amene sadatulukepo m'dziko muno, adadula kachidutswa, adameza, adamwa madzi, n'kuti, "Kani ndi mmene amadyera kunjako? N'zofewa bwino. Zoyenera anthu a maofesi, sizitayitsa nthawi kutafuna." Adatembenukira kwa mwini nyumba. "Si choncho, a Chikaonda? Inu munakhalako."

Bambo Chikaonda adayang'ana m'mbale, adayang'ana mkazi wawo, amene maso awo adali ngati singano ziwiri.

"Madera ena," adatero. "Chakumpoto kwake."

Ndipo adadya, anthu inu. Anthu anayi akuluakulu a m'boma adadya phala la makaroni ndi mafoloko mpaka m'mbale mudayera, poti palibe amene ankafuna kuoneka wakumudzi. Bambo Zikhale adawonjezeredwa chibenthu chachiwiri chifukwa cha pakamwa pawo.

Kunja kudali kusadade pamene Mayi Zikhale adati akufuna kuona maluwa a kuseri. Sadayang'ane duwa ngakhale limodzi. Adalunjika pa mpopi pomwe Zelifa ankatsuka mbale.

"Ndiwe Zelifa?"

"Ndine, mayi."

"Zimene ndinalawa ku ofesi zinali ndi anyezi wokazinga. Poto uja ali ndi manja okazingira?"

Zelifa adapitiriza kukwecha mbale yoyera kale.

"Usayankhe. Ndamva kuti pa wani ulibe ntchito. Kwanga ndi ku Area 13, nyumba ya geti yobiriwira. Ubwere m'mawa."

"Dinah!"

Mayi Chikaonda adali ataima pakhomo la khitchini, poto wopanda kanthu ali m'manja. Adamva zonse.

"Ukundibera wantchito m'nyumba mwanga momwe?"

"Kuba? Si wamutaya wekha? Iwe uli ndi wa magetsi, ine ndine wosauka, ndingotola wa miyendo." Mayi Zikhale adaseka, adamusisita mnzawo paphewa, n'kupita kugalimoto akuyamikira chakudya mokweza kuti a nyumba yoyandikana amve.

Alendo atapita, Mayi Chikaonda adamuitanira Zelifa m'khitchini n'kutseka chitseko. Adakhala pa kampando, adavula nsapato imodzi, inayo adaiiwala.

"Unkakhudza."

Zelifa adagwada. "Ndinkakhudza, adona."

"Kangati?"

"Masiku onse. Kupatula lero."

"Kutsegula kokha?"

"Kuvuula makaroni. Kuwayanika. Kukazinga anyezi. Kuchepetsa madzi. Kuwabweza chakumadzulo." Adaganiza pang'ono, poti pofika apa panalibenso chobisa. "Ndi mchere, adona. Mumathira wochepa."

Mayi Chikaonda adatseka maso. Zelifa adadikira mawu aja akuti ntchito yatha, ndipo mumtima adayamba kale kuyeza mtunda wa kuchokera kwa Mtsiliza kukafika ku geti yobiriwira. Koma adona ankayeza zina. Ankaona Zelifa ali m'khitchini ya Dinah. Ankaona Dinah akubwera ku ofesi ndi kabakuli ka makaroni okoma, akulawitsa desiki ndi desiki, akufotokoza za lichero. Ankaona mapepala awo a kaboni aja, oposa makumi awiri, ali m'zikwama za anthu.

"Kwa Dinah supita," adatero.

"Koma mudati ndikakhudza..."

"Ndanena kuti supita! Dinah amawerenga machesi, ukudziwa zimenezo? Wantchito wake amamwa tiyi wopanda shuga."

Kwa masisitere Zelifa adaphunziranso kuti pali nthawi yophula ndi nthawi yosiya chinthu chiwire pang'ono.

"Ukufuna chiyani?" adafunsa adona pomaliza, mawu atatsika.

"Kanyumba ka kuseri kaja kamangosunga makatoni. Ndikadakhalamo ndi ana, sukulu ili pafupi. Kwa Mtsiliza n'kutali, mvula ikagwa mtsinje umadzaza."

"Ana atatu? Pa maluwa anga?"

"A Zikhale sadanene za ana, koma ndikhoza kukawafunsa."

"Loweruka uchotse makatoniwo."

"Zikomo, adona."

"Ndipo tamvera. Zimene zachitika lero ndi magetsi. Magetsi a ku Lilongwe ndi amphamvu kuposa a ku Zomba, anabwera ambiri nthawi imodzi. Wamva? Aliyense akakufunsa."

"Adabwera ambiri, adona."

"Poto amaphika yekha."

"Yekha."

"Ndipo lamulo silinasinthe. Usamukhudze." Adaimirira ndi nsapato imodzi, adatsegula kabati, n'kuyang'ana sefa yakale ija ya mawaya othothoka. "Iyi yatha. Ndikugulira ina ku Old Town. Ya ufa."

M'mawa mwake Mayi Chikaonda adathira nyama, matimati, anyezi wosaphika, madzi makapu anayi, n'kukhuthulira makaroni pamwamba monga kale, nkhope ili gwa. Potuluka adaima pang'ono pakhomo n'kunena kwa khoma kuti lero abwera mochedwerapo, cha m'ma sikisi, pali miting'i. Zelifa, amenenso ankayang'ana khoma, adati wamva.

Nkhani ya magetsi amphamvu idayenda bwino ku Capital Hill kuposa mmene mwini wake ankayembekezera. Mayi Zikhale adayesa kufotokoza zoona zake, koma anthu adati ndi nsanje yakale ija ya ku Zomba, makamaka poti amuna awo omwe ankauza aliyense kuti adadya chakudya cha kumpoto kwa Mangalande mpaka kuwonjezera. Khirisimasi isanafike, amayi ena atatu adatumiza mawu kwa amuna awo a ku kosi kuti asabwere chimanjamanja. Mapoto adafika, adathiridwa zonse pamodzi monga mwa pepala la kaboni, ndipo m'nyumba zitatu mudadyedwa za kumpoto sabata yathunthu.

Kenaka amayiwo adayamba kubwera mmodzimmodzi kwa Mayi Chikaonda, aliyense payekha, kudzadandaula za magetsi. Mayi Chikaonda ankawamvera chisoni kwambiri. Ankawauza kuti poto wotere, ngakhale amaphika yekha, safuna kukhala m'nyumba yopanda munthu, pamafunika mzimayi wokhulupirika wongokhala pafupi, wosakhudza. Ndipo ankati Zelifa wawo mwina akudziwa wina.

Zelifa ankadziwa atatu: mng'ono wake Efelo, mlamu wake, ndi Naphiri wa ku kwaya. Lamulungu masana adawakhazika kuseri kwa kanyumba kake katsopano, aliyense ndi sefa yake, n'kuyamba kuwaphunzitsa kusakhudza.